Khonde lotsegula ndi batani: madzi apatseni njira, mphepo muiope

Aliyense amene anakhalapo pansi pa tenti pamaliro kapena paukwati m'nyengo ya dzinja akudziwa zimene zimachitika mvula ikatsanuka. Poyamba anthu amangosendeza mipando kuthawa mpemera. Posakhalitsa lona amayamba kulendewera pakati, kutupa pang'onopang'ono ngati mimba ya ng'ombe yokhuta. Apa m'pamene mnyamata wina amathamanga ndi nsungwi kapena mpini wa tsache, kukankha chotupacho chakumunsi, madzi n'kukhuthukira kumbali kuti khwaa! Akachedwa, chitsulo chimapindika kapena msoko umathetheka, ndipo amene amati ausa mvula amanyowa kuposa amene ali panja.

Vuto lomweli limasautsanso anthu okhala ndi zipangizo zodula kwambiri kuposa tenti yobwereka. Awa ndi eni makalavani ndi magalimoto ogonamo, nyumba zoyenda pamatayala zimene mabanja ku America, ku Ulaya, ku Australia ndi ku South Africa amapita nazo kutchuthi. M'mbali mwa magalimoto oterewa mumakhala khonde la nsalu lokulungidwa. Pa magalimoto amakono, munthu amangodina batani pafupi ndi chitseko, mota n'kulira, khonde n'kutambasuka lokha mphindi imodzi isanathe. Kufewa kwa ntchitoyi n'kumene kumanyenga ambiri. Batani limatambasula ndi kukulunga nsalu basi. Silidziwa kumene dzuwa likulowera, silidziwa kumene madzi adzere, ndipo silingaone mtambo wakuda umene ukubwera kuseri kwa phiri. Zonsezo zimatsalabe m'manja mwa munthu.

Nyumba yoyenda ndi khonde lake

Likulu la malonda amenewa ndi dera la Elkhart, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene kumapangidwa makalavani ndi magalimoto ogonamo ambiri a m'dzikolo. Bungwe la RV Industry Association linalengeza kuti m'chaka cha 2021 chokha mafakitale anatumiza kwa ogulitsa makalavani ndi magalimoto oterewa okwana 600,240, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo. Ku Elkhart komweko kuli kampani ya Lippert, imene imapanga makonde otchedwa Solera. Ina ndi Carefree of Colorado ya mumzinda wa Broomfield, imene inayamba mu 1971, komanso Dometic ya ku Sweden. Ku Ulaya anthu amadziwa kwambiri Thule Omnistor ndi Fiamma, kampani ya ku Italy imene inakhazikitsidwa mu 1945 ndipo khonde lake la F45 limaoneka pa magalimoto osawerengeka. Chaka chilichonse, chakumapeto kwa Ogasiti, ambiri mwa makampani amenewa amakaonetsa zatsopano ku chionetsero cha Caravan Salon mumzinda wa Düsseldorf ku Germany.

Kum'mwera kwa Africa kuno, makonde ofala kwambiri ndi otambasula ndi manja, monga a Eezi-Awn ndi Alu-Cab a ku South Africa, omwe amamangidwa padenga la galimoto zoyenda m'misewu yoipa. Koma oyendera magetsi nawonso alipo. Amaoneka m'malo ogona alendo a Skukuza ndi Satara ku Kruger National Park, ndipo ena amafika nawo mpaka m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ku Cape Maclear, ku Senga Bay, ku Kande ndi ku Chitimba. M'malo oterewa, nthawi zambiri amene amayamba kuona kuti kunja kwasintha si mwini galimoto ayi, koma mlonda kapena wosesa pamalopo, mwiniwake ali m'boti kupita kuchilumba cha Thumbi. N'chifukwa chake luso limeneli si la eni magalimoto okha. Likukhudza ogwira ntchito m'malo ogona alendo, amakaniko, komanso madalaivala a magalimoto a zipatala zoyendayenda amene ali ndi makonde ofanana ndi amenewa.

Zimene zimachitika batani likadinidwa

Kapangidwe kake si kovuta kumva. Mbali imodzi ya nsalu imalowetsedwa m'kangalande kachitsulo komangidwa pamwamba pa khoma la galimoto. Pa makonde ambiri a ku America, mbali inayo imagwira papaipi yaitali imene nsalu imakulungidwapo. Kumapeto kwa paipiyo kuli mota ya mphamvu ya mavoti 12, yodya magetsi a batire ya m'galimoto. Uku ndi uku kuli mikono iwiri yopindika, ndipo m'mikonomo muli mashoko ofanana ndi amene amagwira chitseko chakumbuyo cha galimoto yaing'ono chikatsegulidwa. Mashokowa ndiwo amakankhira paipi kunja ndi kukunga nsalu, pamene mota imamasula kapena kukulunga.

Makonde a ku Ulaya, monga F45 ndi Omnistor, amakhala m'bokosi lalitali la aluminiyamu. Paipi imatsala m'bokosimo, ndipo chimene chimatuluka ndi chitsulo chakutsogolo, chomwe chili ndi miyendo iwiri yotha kutalikitsidwa kapena kufupikitsidwa. Palinso mtundu wachitatu, wa pa magalimoto akuluakulu odula, wopanda miyendo ndiponso wopanda mikono yam'mbali. Pa mtundu umenewu kupendekeka kwa nsalu amakukhazikitsa ndi mabauti pomanga, ndipo mwini galimoto sangakusinthe mosavuta pamalo ogona. Choncho chinthu choyamba n'kudziwa mtundu wa khonde limene muli nalo ndi kuwerenga kabuku kake, pakuti safunsa anadya phula.

Pali mfundo imodzi imene mabuku a makampani amenewa amagwirizana: khondeli analipangira mthunzi. Limatha kupirira mvula yowaza ngati lapendeketsedwa bwino, koma si denga la malata. Likaonongeka ndi mphepo kapena ndi madzi odikha pansalu, makampani ambiri sabweza ndalama kapena kukonza mwaulere.

Madzi amalemera kuposa mmene amaonekera

Masamu ake ndi achidule koma ndi oopsa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, imasiya lita imodzi. Khonde wamba la mamita 4 m'litali ndi mamita 2.5 kuchoka pakhoma lili ndi malo oterowo okwana 10. Ndiye kuti mvula ya mamilimita 20, imene mtambo umodzi wa m'mwezi wa Januwale ungathe kugwetsa ola limodzi lisanathe, imatsanulira pansaluyo malita 200. Amenewo ndi madzi odzaza diramu yathunthu, kapena zigubu 10 za malita 20. Ngakhale kotala yokha ya madziwo itatsalira pamwamba, ndiye kuti pamikono yopyapyala ya aluminiyamu palenjekeka thumba la simenti la makilogalamu 50.

Choipa kwambiri n'chakuti vutoli limadzikulitsa lokha. Madzi ochepa akaima pakati, nsalu imatsika pang'ono. Ikatsika, pamakhala kadzenje, ndipo madzi ena onse amathamangira m'kadzenjemo. Dzenje likamakula, nsalu imatamuka, ndipo nsalu imene yatamuka sibwereranso mwakale. Mvula yotsatira imapeza dzenje lili chikonzekere pamalo omwewo. Pamapeto pake paipi imapindika pakati, mkono umathyoka, kapena zomangira zimazuka kukhoma n'kusiya mabowo amene azidontha mpaka kalekale.

Chodabwitsa n'chakuti mwini galimoto wosamala ndiye amakonzera madzi malo oimapo. Pofika pamalo ogona, amayesetsa kuti galimoto ikhale yowongoka, yosapendekera mbali iliyonse, kuti anthu agone bwino komanso kuti firiji ya gasi igwire ntchito, popeza firiji zamtunduwu zimafuna kukhala pamalo osapendekeka. Galimoto ikawongoka, paipi ya khonde nayonso imawongoka, ndipo madzi amasowa mbali yoti asankhe. Amangotsika pang'ono kuchoka kukhoma, n'kukaima kumbuyo kwa paipi, pamene nsalu imakwera pang'ono kuti ikulungike.

Kutsitsa ngodya imodzi

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ntchito ya mwini khonde ndi kuwakumbira khwawalo mvula isanayambe. Omanga nyumba za udzu amadziwa kuti tsindwi logona limadontha, ndipo makampani ambiri a ku Ulaya opanga makonde a nsalu a panyumba amalangiza kupendeketsa kosachepera madigiri 14, kutanthauza kutsika masentimita 25 pa mita iliyonse. Pa khonde lotuluka mamita 2.5, kumeneko n'kutsitsa mbali yakutsogolo ndi masentimita opitirira 60. Pa galimoto yaifupi, kutsitsa chonchi kungachititse kuti anthu azigunda mutu kapena chitseko chizikhula nsalu. Njira imene imathandiza n'kutsitsa ngodya imodzi yokha, inayo n'kuisiya m'mwamba. Nsalu imapendekera mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo madzi onse amatsetserekera kungodya yotsikayo.

Kachitidwe kake kamayamba ndi kutambasula khonde mpaka kumapeto. Chizindikiro chake pa makonde a paipi n'chakuti kansalu kakutsogolo kalendewera chowongoka. Pamenepo chala chichoke pabatani, chifukwa pa mitundu ina mota ikapitirira, nsalu imayamba kukulungika chobwerera ndipo imapanga ngalande yosunga madzi. Kenako munthu amapita kumkono umene wasankha. Pa makonde ena a Dometic pali kachogwirira kozungulira: amakamasula, kukokera mkono pansi, n'kukamanganso. Pa Solera amangokokera pansi pachigongono cha mkono ndipo umagwira wokha. Pa mitundu ina ya Carefree pali timabowo totsatizana, ndipo amadina kapini n'kusendeza mkono kufika pabowo limene akufuna. Pa makonde a miyendo, amafupikitsa mwendo umodzi, ndipo ambiri amaonjezera chitsulo chopingasa pakati, chimene Fiamma imachitcha Rafter, kuti nsalu ikungike. Pochita zonsezi zala zikhale kutali ndi pamene zitsulo zimapindikira, chifukwa mashoko ali ndi mphamvu yotha kuphwanya chala.

Ngodya yotsitsa isamasankhidwe mwachisawawa. Ikhale yakutali ndi chitseko, kuti pakhomo pasachite matope komanso kuti chitseko chisang'ambe nsalu potseguka. Ikhale yoloza kumene nthaka ikutsetserekera, kuti madzi asabwererenso pansi pa mipando. Isakhale pamene padutsa chingwe cha magetsi, ndiponso isatsanulire madzi patenti ya mnansi. Amene akufuna kutsimikiza angathire ndowa imodzi ya madzi pamwamba kunja kuli ngwee, n'kuona kumene akudzera. Ndipo pangodya yotsikayo akaika ndowa, mvula ya mamilimita 5 yokha ingam'patse malita pafupifupi 50 otsukira mbale ndi kuchapira.

Makonde ena amakono ali ndi mkono umodzi umene umagonja wokha madzi akalemera, n'kutsika, kukhuthula, kenako n'kubwerera m'mwamba. Ndi nzeru yabwino, koma imayamba kugwira ntchito madzi atachuluka kale, nsalu itasenza kale katundu. Ndipo madziwo amagwa nthawi imodzi, mosachenjeza, pa aliyense kapena chilichonse chimene chili pansi. Chipangizo chimenechi n'chopulumutsira pangozi, sichilowa m'malo mwa kupendeketsa.

Kusaka mthunzi

Mthunzi umayamba ndi kaimikidwe ka galimoto. Ku America ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya, chitseko ndi khonde zimakhala kudzanja lamanja. Ku Britain, ku Australia ndi ku South Africa, kumene magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, zimakhala kumanzere. Mbali imeneyo ndiyo iyenera kulozedwa mwanzeru injini isanazimitsidwe.

Ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, dzuwa la masana limakhala chakum'mwera chaka chonse. Ku Cape Town ndi ku Johannesburg limakhala chakumpoto chaka chonse. Ku Malawi nkhani ndi ina, chifukwa dzikoli lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kum'mwera kwa ikweta, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka. Ku Lilongwe zimenezi zimachitika chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizi dzuwa la masana limapendekera pang'ono kum'mwera, ndipo miyezi ina yonse limakhala chakumpoto, makamaka mu Juni ndi Julayi. Mlendo wochokera ku Germany amene angaimike galimoto monga anazolowera kwawo adzapeza mthunzi uli mbali ina.

Dzuwa likakhala pamutu, khonde lokwezedwa mbali zonse limapereka mthunzi wokwanira, ndipo mpweya wotentha umatuluka mosavuta. Mavuto amayamba likapendeka. Likafika theka la ulendo wake kuchoka paliwombo kupita kolowera, kuwala kumalowa pansi pa khonde mtunda wofanana ndi msinkhu wa mbali yakutsogolo. Ngati mbaliyo ili mamita 2.2 kuchoka pansi, dzuwa limalowa mamita 2.2, ndipo pa khonde la mamita 2.5 mthunzi wa pansi umatsala kachidutswa ka masentimita 30 m'tsinde mwa khoma. Kutsitsa mikono yonse iwiri mpaka mamita 1.8 kumabweza masentimita ena 40. Dzuwa likatsika kuposa pamenepo, palibe kutsitsa kumene kungathandize. Chofunika ndi nsalu ya ukonde yolendewetsa kutsogolo, imene imalowetsedwa m'kangalande ka papaipi, kapena kuimika galimoto mwakuti khonde liloze kum'mawa. Likaloza kum'mawa, madzulo thupi la galimoto lenilenilo limatchinga dzuwa. Pagombe la nyanja ya Malawi la kuzambwe, monga ku Senga Bay ndi ku Kande, kuchita zimenezi kumapindulitsa pawiri, pakuti kum'mawa n'kumenenso kuli nyanja.

Apa pakuoneka kuti mthunzi ndi mvula zimafuna makonzedwe osiyana. Mthunzi wa masana umafuna khonde lokwera, wa madzulo umafuna lotsika mofanana mbali zonse, pamene mvula imafuna ngodya imodzi yotsika. Khonde si chinthu chokonza kamodzi pofika n'kuiwala. Limafuna kusinthidwa tsiku likamapita, monga mmene mayi woyanika ufa amasendezera mphasa yake.

Mdani wamkulu ndi mphepo

Mvula imapatsa munthu mphindi zingapo zoti achitepo kanthu, koma mphepo siimupatsa. Nsalu ya mamita 4 ndi 2.5 ndi thanga la ngalawa, ndipo mphamvu ya mphepo pathanga simakula molingana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo ikalowa chakumunsi imatha kunyamula khonde lonse n'kuliponyera padenga la galimoto, mikono itapindika ndi khoma litabooka.

Pali chizindikiro chosavuta kuona. Mitengo ing'onoing'ono ikayamba kugwedezeka yonse ndipo panyanja pakuoneka thovu loyera pamwamba pa mafunde, mphepo yafika liwiro la pakati pa makilomita 29 ndi 38 pa ola. Pamenepo khonde liyenera kukhala litakulungidwa kale. Asodzi a kunyanja amadziwa kuti m'miyezi yozizira mwera umatha kuuka usiku anthu ali m'tulo, ndipo m'dzinja mvula ya mabingu imatsogozana ndi mphepo yamkuntho. Mu Seputembala ndi Okutobala kamvuluvulu amabwera kunja kuli bata. Nthambi yoona zanyengo ikachenjeza asodzi za mwera, chenjezolo likukhudzanso aliyense amene watambasula nsalu pagombe.

Makonde ena ali ndi kachipangizo komva kugwedezeka, kamene kamalamula mota kuti ikulunge yokha. Koma kukulunga kumatenga nthawi, ndipo mphepo yadzidzidzi imafika ntchitoyo isanathe. Enanso amamanga paipi ndi malamba n'kukhomera zikhomo pansi. Zimenezi zimachepetsa kugwedera pa mphepo yapang'ono, koma zili ndi msampha: ngati kachipangizo kaja sikanazimitsidwe, mota imayamba kukoka khonde lomangidwa, ndipo china chake chimathyoka. Komanso usiku mphepo ikauka, munthu amayamba walimbana ndi mfundo mumdima asanafike pabatani. Pamchenga wa kunyanja zikhomo zazifupi sizigwira n'komwe.

Pokulunga ndi posunga

Musanadine batani lokulungira, bwezerani mikono pamsinkhu wofanana, pokhapokha kabuku kanena kuti mtundu wanu umadzikonza wokha. Mitundu ina imaika malire a kusiyana kumene mikono ingakhale nako potseka. Khonde lokulungidwa lili chopendekera limasonkhanitsa nsalu mbali imodzi, m'mphepete n'kuyamba kunyotsoka. Chotsani masamba, timitengo ndi zipatso zimene zagwerapo, makamaka ngati munaima pansi pa mkuyu kapena mtengo wa mango, chifukwa zikakulungidwira m'kati zimaboola ndi kudetsa nsalu.

Nsalu zake n'zamitundu iwiri. Ya pulasitiki silowa madzi koma imasunga chinyezi m'kati mwa mpukutu, ndipo nkhungu imamera pafumbi lomatirira. Yoluka imapitisa mpweya ndipo imauma msanga, koma ikamakalamba imayamba kulowa madzi. Yonse iwiri ikakulungidwa yonyowa pothawa mkuntho, iyenera kutambasulidwa kuti iume kunja kukangoyera. Potsuka, madzi ndi sopo wofatsa ndi bulashi yofewa n'zokwanira. Mbaula isayatsidwe pansi pake, chifukwa kutentha kumafooketsa nsalu ndipo utsi umaidetsa.

Chomaliza ndi magetsi. Batire ikafooka, mota imayenda mwaulesi kapena kuima pakati, ndipo fyuzi ikapsa batani siliyankha. Makonde ambiri ali ndi njira yotsekera pamanja, kaya nati yobisika pamutu wa mota yozungulitsa ndi sipanala, kaya chogwirira chopukusa. Malo ake adziwike ndi kuyesedwa kunyumba, ndipo chida chake chikhale pafupi ndi chitseko. Kuyamba kuchisaka mphenzi zikung'anima n'kuchedwa.

Khonde la nsalu ndi chinthu chabwino. Limasandutsa malo ouma a fumbi kukhala bwalo lodyerapo ndi kuchezerapo, ndipo losamalidwa bwino limatumikira zaka zambiri. Koma mota sinalande munthu udindo woyang'ana kumwamba. Inu amene muli nalo, kapena amene mumalandira alendo okhala nalo, sungani malamulo atatu awa. Mitambo ikayamba kusonkhana, tsitsani ngodya imodzi madontho oyamba asanagwe. Mphepo ikayamba kugwedeza mitengo, kulungani osadikira. Ndipo pochoka pamalo kapena pokagona, musalisiye lotambasula, ngakhale kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha.